Kambalame Koyenda Pambuyo pa Linthumbu

  Nkhani ya lero ena muidabwa. Wina anena kuti, kodi abusa lero atani, nthawi yonse ya pa wailesi n'kumakamba za mbalame? Khalani pansi kaye, musatseke wailesiyo. Pa Mateyu chaputala 6 Mwini wake anatiuza kuti maso athu apite kwa mbalame, koma ine ndaona kuti ambirife ndime imeneyi timainena pamtima pomwe mbalame yeniyeni sitinaiyang'anepo ngakhale mphindi zisanu. Ndiye lero tiyang'ane imodzi yokha, ya kwathu konkuno.

Koma ndiyambe ndi linthumbu, pakuti popanda linthumbu nkhani ya mbalame imeneyi siimveka.

Ine ndinakulira m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Thyolo, pa dzanja la agogo anga aakazi. Usiku wina wa dzinja, tili mtulo tofa nato, tinangomva agogo akukuwa kuti, "Dzukani ana inu, linthumbu lalowa!" Amene munalumidwapo mukudziwa. Linthumbu sililuma likangofika ayi. Limayamba lakwera mwakachetechete mpaka m'tsitsi, mpaka m'khwapa, kenako n'kuluma ngati lachita kupangana. Tinatuluka panja tikudumpha, zovala tikutaya, agogo ali kalikiliki kuwaza phulusa lamoto pakhomo ndi kuzungulira khola. Kutacha tinapeza anapiye atatu atsala timafupa tokhatokha. Kuyambira tsiku limenelo ine linthumbu ndinkaliona ngati mdani basi, chinthu chopanda ntchito pa dziko. Ngakhale agogo ankanena kuti nyumba imene mwadutsa linthumbu mumatha miyezi osaona mphemvu kapena nsikidzi, ine sindinkamva zimenezo. Ndinkangokumbukira anapiye aja.

Tamverani mmene linthumbu limakhalira. Mudzi umodzi wa linthumbu umakhala ndi nyerere mamiliyoni ambiri, ndipo zonsezo ndi ana a mayi mmodzi amene amakhala pansi pa nthaka, ntchito yake kuikira mazira. Zimene mumaziona zikuyenda pa mzerezo zilibe maso. Eee, zilibe maso! Zimayendera fungo la zinzake zimene zatsogola. Zamitu ikuluikulu zija, zimene zimaima m'mbali mwa mzere kukamwa kuli yasa, ndiwo asilikali olondera njira. Ife kumudzi timaliona likudutsa msewu pa mzere woonda ngati chingwe. Koma likafika posaka, m'kati mwa msitu, mzere uja umamwazika n'kukhala ngati khoka la asodzi a ku Mangochi. Limasesa pansi ponse, kulowa pansi pa tsamba lililonse, m'chipika chilichonse chowola, kukwera m'tchire. Ndiye chilichonse chimene chinabisala chimatuluka kuthawa: akangaude, mphemvu za m'nkhalango, nkhululu, ziwala, mbozi, tizikumbu tosiyanasiyana. China chidumpha, china chiuluka, china chikwawa. Gwirani chithunzi chimenechi, tibwererako.

Patapita zaka zambiri, ndili kale mu utumiki, ndinapita ku Mulanje ndi abale angapo kukapemphera kuphiri, mbali ya kumene umachokera mtsinje wa Ruo. Anatitsogolera mnyamata wina wa komweko amene amaperekeza alendo okwera phiri. Pobwerera m'mamawa, tikudutsa mu msitu, nkhungu ili tolo, mnyamata uja anangoima n'kutambasula dzanja. Ndikayang'ana pansi, linthumbu! Thupi langa linakumbuka za kwa agogo, ndinafuna kuliyatsa liwiro. Iye akuti, "Abusa, musathawe. Bwererani m'mbuyo pang'ono, muime apa, ndipo musayankhule." Ndinati, "Achimwene, mukufuna tidyedwe?" Anangoseka n'kuloza ndi mlomo.

Pa kanthambi kotsika, kosafika ngakhale m'chiuno mwa munthu, panali kambalame. Kukula kwake n'kocheperako pang'ono poyerekeza ndi pumbwa. Kumsana n'kofiirira ngati dothi la katondo louma, kumutu ndi pachifuwa kotuwa ngati phulusa, koma pakhosi pali mbee, poyera ngati munthu wavala kolala. Kakatembenuka, kunsonga kwa nthenga za m'mbali mwa mchira kumaoneka timadontho toyera. Miyendo yaitali bwino, yotumbuluka. Si mbalame yoti mungaijambule pa chitenje ayi. Mukhoza kuidutsa kakhumi osaiona.

Kanali phee, mutu uli chopendekeka, diso pansi. Kangaude anatuluka pansi pa tsamba akuthawa linthumbu. Kambalame kaja kanangoti tsikeni, jomph, n'kubwerera pa nthambi. Kameza. Kadikiranso. Nkhululu yadumpha, iko tsikeni, jomph. Linthumbu likasunthira kutsogolo, nako kasunthira pa nthambi ina. Kakatera pansi sikachedwa, pakuti kakudziwa kuti amene akukagwirira ntchitoyo akhoza kukadyanso. Kunabwera timbalame tina tofuna kudya nawo, koma aka kanatithamangitsa pa malo abwinowo, ukali ngati mayi wa pamsika amene wina wamulanda benchi. Tinaima pamenepo mwina theka la ola. Ine amene ndinkathawa linthumbu moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndinaliperekeza.

Mnyamata uja anandiuza kuti alendo ena amachoka ku Ulaya, kulipira ndege, kulipira malo ogona, kudzafuna kambalame kameneka basi. Ndinamufunsa dzina lake. Akuti pa Chingerezi ndi Thyolo alethe. Ndinati, mwati chiyani? Thyolo? Kwathu? Akuti eya, abusa, kwanu komweko.

Abale anga, ndinachita manyazi. Nditabwerera ndinafufuza, ndipo ndi zoona. M'chaka cha 1927 katswiri wina wa mbalame wa ku Britain, dzina lake William Sclater, ndiye anailemba mbalameyi m'mabuku a sayansi, n'kuitcha Alethe choloensis. Nthawi ya atsamunda Thyolo ankalemba kuti Cholo, ndiye dzina la boma lathu linalowa m'dzina la mbalame. Masiku ano akatswiri anasintha mbali yoyamba ya dzinalo, akuti Chamaetylas, koma choloensis uja alipobe. Munthu wa ku Japan kapena ku Brazil akatsegula buku la mbalame za dziko lonse, Thyolo amupezamo. Ine wobadwira pansi pa phirilo ndinadzaidziwa ndili ndi imvi, ndiponso ku phiri la eni.

Dziko lonse lapansili, mbalame imeneyi imapezeka m'mapiri owerengeka okha: kuno kummwera kwa Malawi, monga Mulanje, Zomba ndi Thyolo, ndi kutsidya ku Mozambique, m'mapiri monga Namuli, Mabu ndi Chiperone. Inde, Chiperone yemweyo amene anapereka dzina ku kamvula kozizira kaja ka mwezi wa June ndi July kamene timati chiperoni. Kumpoto, ku Nyika ndi ku Misuku, kuli mbale wake wa pachifuwa poyera, naye woyenda pambuyo pa linthumbu, koma ndi mtundu wina. Uyu wathuyu ku Kenya kulibe, ku South Africa kulibe, ngakhale ku Dedza kulibe.

Ndipo m'mapiri amenewa siikhala paliponse. Pa Sapitwa, pamwamba penipeni pa Mulanje pamene ndi mamita 3,002, simungaipeze, pakuti pamenepo ndi miyala ndi udzu. M'tchire la masuku ndi miombo simungaipezenso. Imafuna msitu weniweni, uja wa mitengo yosayoyola masamba nthawi imodzi, wa zilambe zolendewera, umene ukalowamo masana umakhala ngati kukuda, pansi pali chinyezi chaka chonse ndipo phazi limamira m'masamba owola. Imaswa nyengo ya mvula ikamayandikira ndi m'kati mwa dzinja, pamene tizilombo tachuluka. Chisa chake imamanga ndi ndere zobiriwira za m'mitengo, pa mphanda ya mtengo, mwakuti ukayang'ana umangoti ndi ndere zamera zokha. Ndipo nyengo yozizira ikafika, zina zimatsika kuchoka kumtunda kudzakhala m'misitu ya m'munsi, m'mphepete mwa mitsinje. Mwamva pamenepo? Imafuna nyumba ziwiri, yakumtunda ndi yakumunsi. Tsono yakumunsiyo ndi imene ili pafupi ndi nkhwangwa zathu.

Apa ndipamene nkhani yanga ikuwawa, ndipo sindiloza munthu chala ndisanadziloze ndekha.

Amene munaliona phiri la Thyolo kale mukukumbukira. Linali lakuda bii ndi mitengo, mitsinje ikutsika madzi ozizira ngakhale mu October. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, msitu umenewo unagwa pafupifupi wonse. Anthu anakwera ndi nkhwangwa ndi makasu kukatsegula minda. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Ndikunena pa wailesi pano kuti aliyense amve: dzanja ili linagwetsa mitengo imene anthu atatu sakanatha kuikumbatira. Ndipo musafulumire kutiweruza. Amene mumadziwa Thyolo mukudziwa kuti malo ambiri abwino ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo anthu tinapanikizana pa timinda tosakwana kudyetsa banja. Mwana akamalira njala, bambo saona msitu, amaona munda. Titamva kuti anzathu ayamba kugawana phiri, tinati tikachedwa titsala.

Chaka choyamba chimanga chinabereka, abale, chosafuna feteleza. Nthaka yakuda, yofewa, imene masamba anaiunjika kwa zaka mazanamazana. Tinati tapeza. Chaka chachiwiri chinaberekabe. Pofika chachinayi, mvula inali itakokolola nthaka ija kupita nayo kumtsinje, patsala dothi lofiira ndi miyala. Kasupe amene amayi ankatungapo madzi anayamba kuphwa mu August. Munda uja lero ngakhale nandolo amachita kukakamiza. Chimene chinatenga zaka mazana kuti chipangike tinachidya m'zaka zinayi, ndipo njala imene tinkaithawa inatipeza pomwepo.

Nanga kambalame kaja? Ganizani nane. Mitengo ikagwa, dzuwa limafika pansi. Dzuwa likafika pansi, masamba aja amauma, moto n'kudutsa. Tizilombo timene timakhala m'masamba onyowa tatha. Linthumbu la mu msitu silipirira nthaka yotentha ndi youma, limasamuka kapena kutha. Tsono mbalame imene inazolowera kudya pambuyo pa linthumbu, mu mthunzi, ipita kuti? Pumbwa akhoza kubwera kudzadya mapapaya pakhomo panu. Khwangwala akhoza kukhala pa dzala la mu Limbe n'kunenepa. Koma aka sikangathe. Sikadya chimanga, sikakhala m'munda wa tiyi, sikadziwa moyo wa pabwalo. Palibe amene anakagenda ndi legeni, palibe anakatchera ulimbo. Tinangokachotsera denga ndi mbale. Lero ku Thyolo kamapezeka m'tizigawo ting'onoting'ono ta msitu timene tinatsala m'makwawa ndi m'minda ina ya tiyi, ndipo kali pa mndandanda wa mbalame za pa dziko zimene zili pa chiopsezo chakutha.

Wina anena kuti, abusa, si tikubzala mitengo chaka chilichonse? Bzalani ndithu, ndipo bulugama ndi paini n'zothandiza, zimatipatsa milimo ndi nkhuni kuti tisakwere kuphiri. Koma kaimeni pansi pa bulugama muyang'ane pansi. Mbee, pouma. Munda wa mitengo si msitu. Msitu ukagwa sungaubwezere ndi timachubu ta mbande m'nyengo imodzi ya mvula. N'chifukwa chake kachigawo kamene katsala, ngakhale kakhale kakang'ono ngati bwalo la mpira, n'kamtengo wapatali kuposa mbande chikwi.

Pali nkhani ina yokoma, kuti mitima isangolemera. M'chaka cha 2005 katswiri wina dzina lake Julian Bayliss ankayang'ana zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera kumwamba, pa Google Earth, ndipo anaona banga lobiriwira kwambiri m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Linali phiri la Mabu. M'chaka cha 2008 gulu la akatswiri, pamodzi ndi a ku Kew ku London, linapita kukalowa mu msitu umenewo, n'kupeza kuti ndi waukulu zedi ndiponso wosawonongeka, muli zamoyo zina zimene sayansi inali isanazilembe. Ndipo kambalame kathu ka ku Thyolo anakapezamo kambiri. Manyuzipepala a kunja analemba kuti kwatulukiridwa nkhalango yosadziwika. Ine zimenezo zimandiseketsa pang'ono, pakuti anthu a kumeneko ankaidziwa kalekale, ankasakamo nyama, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ena anabisalamo n'kupulumuka. Koma taonani pamene zafika: mbalame yotchedwa ndi dzina la Thyolo, malo ake odalirika lero ali kwa anansi athu.

Tsopano ndibwere kwa ife a mu mpingo, pakuti nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene tikuganizira. Ndani amakwera mapiri m'dziko muno kuposa ife? Lachisanu madzulo kaoneni njira za ku Soche, ku Ndirande, ku Michiru, ku Zomba, ku Mulanje. Ndi ife, Baibulo m'khwapa, chigubu cha madzi m'manja. Kukwera kuphiri n'kwabwino, inenso ndimakwera. Koma ndaona ndi maso anga zimene timasiya. Usiku kukazizira timathyola timitengo tanthete kusonkhera moto. Timasesa masamba onse kuti pogwada payere, n'kuwatentha. Tikaona linthumbu, wina amathamangira parafini, wina mpaka kulidzudzula ngati chiwanda. Abale, linthumbu mu msitu si chiwanda, lili kwawo, mlendo ndi inu! Kukacha timatsika tikuimba, m'mbuyo mwatsala majumbo, mabotolo ndi chitsa chikufuka. Gulu limodzi silingathe phiri, koma magulu makumi asanu sabata iliyonse, chaka ndi chaka?

Ndipo inu a m'tauni musati nkhaniyi ndi ya anthu akumudzi. Thumba la makala limene lili kukhitchini kwanulo linali mtengo pa phiri lina lake. Ndikudziwa, magetsi si onse ali nawo, gasi ndi wodula, ndipo mwana ayenera kudya nsima yakupsa. Sindikukuuzani kuti mugone ndi njala. Koma mbaula yosunga moto ilipo, yadothi ija, imene thumba la makala limakhalitsa. Kuvundikira mphika kulipo. Kunyika nyemba m'madzi usiku kuti zisadye makala theka la thumba kulipo. Amayi a m'chigwirizano, izi mukuzidziwa kuposa ine.

Mwezi wa March 2023 sitidzauiwala. Namondwe wa Freddy atafika, phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala usiku, kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, midzi inakokoloka. Tinataya anthu oposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke mpaka lero, ndipo ena a inu amene mukumvera munaika m'manda abale anu, ena simunapeze ngakhale thupi loti muike. Sindikunena kuti mitengo ikanaimitsa mvula ija, inali mvula yoposa muyeso, ndipo ngakhale malo ena a mitengo anagumuka. Sindikunenanso kuti amene anafa analakwa, ayi, Mulungu atonthoze mabanja awo. Koma phiri lovala ndi phiri lamaliseche salandira mvula mofanana. Mizu imagwira nthaka, masamba apansi amamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mthunzi ndi chinyezi chimene kambalame kaja kamafuna ndi chomwecho chimene chimasunga kasupe wa m'mudzi ndi kugwira phiri kuti likhale pamalo pake. Kakasowa pa phiri, dziwani kuti pali zinanso zimene zachoka, zimene tidzazifuna mvula ikadzabwera.

Ndiye pempho langa kwa atsogoleri a magulu a mapemphero ndi ili. Mukamakwera, nyamulani zofunda zokwanira m'malo modalira moto. Ngati moto ukufunika, nkhuni zichoke kunyumba, ndipo muuzime ndi madzi musanatsike. Gwadani pa thanthwe kapena pa mphasa, masamba apansi asiyeni. Linthumbu likabwera, nyamulani mphasa musunthe, lidutsa lokha, silikhalitsa. Chimene mwakwera nacho tsikani nacho. Ndipo inu mafumu ndi akuluakulu a mpingo amene m'dera lanu mwatsala kamsitu m'khwawa, kaya ndi kumanda, kaya ndi ku gwero la mtsinje, khalani pansi ndi anthu anu mugwirizane kuti pamenepo nkhwangwa isafike. Ine kumunda kwanga kuja kuphiri ndinasiya kulima mbali ya kukhwawa. Zitsa zina zinaphukira, mbalame zina zabweretsa njere, tsopano pali kamthunzi. Linthumbu ndinalionako kamodzi chaka chatha. Kambalame kaja sindinakaonebe.

Amene muli pafupi ndi Mulanje kapena Zomba ndipo mukufuna kukaona nokha, lawirani m'mamawa nyengo ya mvula, mupite ndi munthu wodziwa njira. Valani nsapato zotseka, thalauza mulowetse m'sokosi, musadzati abusa sanatichenjeze. Mukapeza linthumbu lamwazika mu msitu, imani chapatali kumbali, mutseke pakamwa, muyang'ane nthambi zotsika. Nthawi zina mumayamba mwamva kamluzu kofatsa musanaone mwini wake. Tengani ndi ana, akaone pakhosi poyera paja.

Nthawi yathu yatha, a mu situdiyo akundikodola. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Ambuye akusungeni, tsalani bwino.